Ine ndi achemwali tinachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, pano tonse likubwerera. Kodi ndi zakumtundu?

Nachisale_Leicester

Moni nonse abale anga. Nkhani iyi ndakhala nayo mumtima miyezi yambiri, kunyumba sindingaiyambe chifukwa ikangoyamba imakathera pa "nawenso umadya kwambiri", nde ndati mwina pano alipo amene anadutsamo kapena amene amadziwa zachipatalazi andithandize maganizo.

Ine ndinachitidwa gastric bypass, opaleshoni yochepetsa chifu nkulumikiza kachifu kotsalako kumatumbo, mu 2018 kuno ku UK kudzera ku NHS, zipatala za boma za kuno, nditadikira pafupifupi zaka ziwiri komanso kupita ku makalasi a kadyedwe amene amakuyambitsa kaye aja. Nthawi imeneyo ndinali ndi makilo 134 ine wamfupi chonchi, mawondo akukana, shuga atayamba, BP ili m'mwamba, moti pokwera masitepe a ku flat kwathu ndimaima kawiri kuti ndipume. Chaka choyamba thupi linkangopita lokha, pomatha chaka ndi theka ndinali pa 88, metformin, mankhwala a shuga aja, anandisiyitsa, ndipo tsiku lomwe ndinavala diresi ya size 14 ndinalira m'chipinda choyesera zovala mpaka mtsikana wa m'shopumo anagogoda kufunsa ngati ndili bwino.

Zaka ziwiri ndinakhala pompo, 88, 89, 90. Kenako chinayamba kukwera pang'onopang'ono osaoneka, kilo imodzi lero ina pakatha miyezi iwiri, ndipo mmawa uno sikelo yandiuza 104. Mbale ndikudyerabe kambale kakang'ono komwe kaja, nsima ndimadya ka ntanda kamodzi kochepa nkusiyanso kena, Fanta sindinamwepo kuchokera 2018. Koma njala yabwerera, njala yeniyeni yomwe inasowa zaka ziwiri zoyamba zija, makamaka ndikakhala pa night ku care home cha m'ma 3 koloko usiku.

Tsono chomwe chandichititsa kulemba ndi ichi. Achemwali anga aakulu, mimba imodzi bambo mmodzi, amakhala ku Johannesburg, iwo anachitidwa bypass yomweyi mu 2017 pa medical aid ya amuna awo. Anachoka pa 128 kufika 85, pano ali pa 101. Sitikhala limodzi, sitiphikira poto mmodzi, dziko lina dokotala wina, koma mukayang'ana manambala athu ngati munthu mmodzi. Pomwe mnzanga wa kutchalitchi kuno amene tinachitidwa mwezi umodzi chipatala chimodzi anachoka pa 130 kufika 74 ndipo mpaka lero ali pa 78, ndipo ndisaname, iye amadya zinthu zomwe ine ndimaziopa, pa zochitika za kutchalitchi mandasi awiri amatha ndithu.

Mayi athu anali onenepa kwambiri, anamwalira ndi sitiroko ali ndi zaka 58. Agogo aakazi nawonso anali a thupi ngakhale ankalima tsiku lonse kumudzi ku Ntcheu. Nde funso langa ndi lakuti kodi zakumtunduzi zimagwirabe ntchito olo chifu anachidula? Kapena ndikungofuna poti ndikankhire mlandu? Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 15 amene thupi layamba kubwera, ndikamuyang'ana tulo sindipeza.

Anaphiri_Chilomoni

Mwanawe pepa kwambiri ndi za mayi ako. Ine za opaleshonizi ndimangozimva, kuno sizimachitika wamba, amene ndamva kuti anachitidwa ndi oti anapita ku India kapena ku Joni ndi ndalama zawo. Koma zoti thupi limayenda m'magazi aliyense wokulira kumudzi amadziwa, timanena kuti uyu watengera thupi la azakhali ake, mwana asanayambe nkudzitapira yekha chakudya. Kwathu ku Thyolo kuli banja lina onse aakulu misinkhu ndi matupi omwe, chaka cha njala cha 2002 anaonda ngati wina aliyense koma chimanga chitangobwerera iwo anali oyamba kudzadza pamene ife ena tinakhala owonda mpaka chaka chinacho, chikhalirecho tonse timadya mgaiwa ndi nkhwani womwewo.

Chomwe chimandiwawa ine ndi pakamwa pa anthu. Ukanenepa amati akukusamala bwino amuna ako, ukaonda amayamba kunong'ona kuti wadwala matenda aja, ukanenepanso ati ndiwe wosadziletsa. Iwe wachotsa makilo 30 ndipo sanabwerere, uwerengenso bwino, 134 kuchotsa 104. Ineyo thumba la shuga la 1kg ndikaliika pa dzanja limalemera, iwe watula matumba 30 amene umayenda nawo tsiku ndi tsiku. Shuga uja wabwerera kapena ayi? Undiyankhe chimenecho.

NesiWaUsiku

Asisi Nachisale, ine ndine nesi kuno ku England, ndagwirapo zaka zingapo mu wodi ya maopaleshoni a m'mimba ndipo odwala a bariatric, ochitidwa maopaleshoni ochepetsa thupi, ndawasamalirapo ambiri, nde ndiyankha motalika pang'ono mundipirire.

Simukukankhira mlandu pena ayi. Zomwe mwaona pa inu ndi achemwali zinafufuzidwapo ndithu. Mu 2011 gulu la madokotala ku Massachusetts General Hospital ku Boston, lotsogoleredwa ndi Lee Kaplan, linatenga anthu omwe anachitidwa gastric bypass nkuyerekeza awiriawiri. Anaona apachibale chenicheni, monga mayi ndi mwana kapena munthu ndi m'bale wake, anaonanso anthu okhala nyumba imodzi koma opanda ubale wa magazi monga mwamuna ndi mkazi wake, kenako anthu osadziwana nkomwe. Apachibale aja kuonda kwawo kunali kofanana kwambiri, kusiyana kwake pafupifupi 9 pa 100 basi. Okhala nyumba imodzi aja, odyera tebulo limodzi, anasiyana pafupifupi 26 pa 100, chimodzimodzi ndi anthu osadziwana omwe anasiyana 25. Taganizani, kugawana khitchini sikunawafananitse koma magazi ndi amene anawafananitsa. Nde inu ku Leicester achemwali ku Joni manambala nkumayendera limodzi, sizodabwitsa olo pang'ono.

Chifukwa chake nchakuti opaleshoniyi sigwira ntchito pongochepetsa malo a chakudya ngati mmene anthu amaganizira. Inde kachifu kamene amakusiyirani pa bypass nkakang'ono ngati dzira, koma ntchito yaikulu imachitika ndi mahomoni. Chakudya chikamafika msanga kumatumbo a kumunsi, matumbo amatulutsa GLP-1 ndi PYY wambiri, awa ndi amene amakauza ubongo kuti basi takhuta. Pali ina yotchedwa ghrelin, ya njala, yomwe imapangidwa kwambiri kumtunda kwa chifu, nchifukwa chake ochitidwa opaleshoni ina yotchedwa sleeve amene amawachotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu miyezi yoyamba amaiwala kudya. Mafuta a m'thupi nawo amatulutsa leptin, imene imauza ubongo kuchuluka kwa nkhokwe yomwe ilipo. Mukaonda leptin imatsika, ubongo umamva ngati kwagwa chilala, nde umakweza njala nkuchepetsa mphamvu zomwe thupi likuwotcha mukangokhala. Mauthenga onsewa amakafikira ku ubongo, ndipo ubongowo mpeni sunaukhudze, ndi womwe uja munabadwa nawo wochokera kwa mayi ndi bambo. Wina ubongo wake umavomera msanga mulingo watsopano, wina umalimbana nawo zaka ndi zaka kufuna kubwerera pakale. Njala ya 3 koloko mukunenayo ndi imeneyo, si khalidwe loipa.

Chinanso dziwani kuti kubwerera pang'ono kumachitika pafupifupi kwa onse. Ku Sweden kuli kafukufuku wamkulu wotchedwa SOS amene anayamba mu 1987, anatsatira anthu oposa 2,000 ochitidwa opaleshoni ndi enanso oposa 2,000 osachitidwa. A bypass pa chaka choyamba mpaka chachiwiri anali atataya 32 pa 100 ya thupi lawo, pofika zaka 10 inali 25 pa 100. Inu munataya 34 pa 100 pachimake, pano muli pa 22. Muli pansi pang'ono pa avereji koma simuli kutali ngati mmene mtima ukukuuzirani, mnzanu wa kutchalitchi uja ndi amene ali kumapeto kwabwino kwenikweni, musamadziyeze ndi iye. Ndipo mu kafukufuku yemweyo imfa zinachepa ndi 29 pa 100 mwa ochitidwa opaleshoni poyerekeza ndi enawo, ngakhale ambiri thupi linabwererako.

Koma ndikufunseni zinthu zingapo zomwe si zamagazi chifukwa izi ndiye tingazigwire. Ma night mumagwira angati pa sabata? Kusagona mokwanira kumakweza ghrelin nkutsitsa leptin, ine ndemwe ndikachoka ma night atatu otsatizana ndimafuna buledi ndi zotsekemera basi. Pali mankhwala atsopano omwe munayamba zaka zimenezi, monga jakisoni wa Depo, amitriptyline wa ululu, mirtazapine, kapena ma steroid? Onsewa amanenepetsa. Msambo wayamba kusintha? Ndipo ku bariatric clinic munapitako liti komaliza? Ambiri NHS imawatsatira zaka ziwiri kenako nkuwabweza kwa GP, dokotala wa kudera kwawo, ndipo thupi limayamba kubwerera nthawi yomweyo munthu ali yekhayekha, manyazi nkumugwira osabwererakonso.

Bambo_a_Tada_Joni

Ine ndilankhula ngati munthu amene anagonapo pa bedi limenelo. Bypass 2016 kuno ku Gauteng, ndinali 156, ndinatsika kufika 97, ndinakwera kufika 121, pano ndili pa 106 ndipo ndakhalapo zaka zitatu.

Anesi zomwe mwanenazo sindikutsutsa, kwathu nafenso bambo anga ndi azichimwene awo onse anali ndi mimba zazikulu. Koma ndikuopa kuti mlongo wathuyu angamve kuti basi nzamagazi palibe chochita, chifukwa ine ndinadzinamizapo choncho kwa chaka chathunthu. Ndimauza akazi anga kuti ndikudya pang'ono, ndipo zinali zoona pa mbale, nsima ndi nyama zimandikanika ndikadya masupuni angapo zimakhala pachifuwa ngati mwala. Koma dietitian, katswiri wa kadyedwe, atandiuza kuti ndilembe chilichonse cholowa mkamwa kwa masiku 7, olo chingamu, ndinachita manyazi ndi pepala langa lomwe. Ndimayendetsa galimoto ya katundu Joburg Durban, nde pa garage iliyonse kapaketi ka ma crisps, tiyi wa shuga masupuni atatu, mabisiketi oviika mu tiyi, mageu, ma peanuts m'thumba la jekete ndikungotola kamodzikamodzi msewu wonse wa N3. Zinthu zimenezi sizikhala m'kachifu kaja, zimasungunuka nkungodutsa, sumva kukhuta, pomwe chidutswa cha nkhuku chimakhala maola. Ndiye thupi lokha limakuphunzitsa kuthawa zakudya zolimba nkumakonda zoterera chifukwa sizipweteka, iwe osazindikira.

China chomwe anthu sakamba ndi mowa. Pambuyo pa bypass mowa umalowa m'magazi mwachangu kwambiri, botolo limodzi limagwira pafupifupi ngati awiri. Ine ndisanachitidwe opaleshoni ndinali womwa pa Khirisimasi basi, koma pofika 2019 ndimamwa weekend iliyonse mpaka akazi anga anaitana ankhoswe. Ndinasiyiratu. Makilo 8 anachoka ndi mowawo.

Sindikunena kuti inu mukuchita zomwe ndimachita ine mlongo, mwina pepala lanu lituluka loyera. Koma lembani kaye masiku 7, makamaka ma night, chifukwa ku care home ndikudziwa kumakhala tini ya mabisiketi pa tebulo la staff usiku wonse. Ine ndimaona chonchi, m'bale wanga wa mimba imodzi amene sanachitidwe opaleshoni ali pa 160 pano ndipo phazi lili ndi bala la shuga losapola, magazi athu ndi amodzi, ine ndili pa 106. Magaziwo sanandiletse kufika apa, anangopangitsa kuti ndizivutikira kwambiri kuposa anzanga ena. Kuti ndifike 85 ngati mnzanga wina wa ku support group ndinasiya kulota, thupi langa pansi pa 100 limachita ngati ndalilanda chinachake, njala yake yosagonetsa.

MwanaWaKuDedza

Ndiwonjezereko mbali ya majini popeza ndi zomwe ndimaphunzira, ndipo ndikati majini sindikunena mizimu ija ayi, ndikunena ma gene, timalangizo ta m'maselo tomwe timalandira theka kwa mayi theka kwa bambo.

Zomwe Anaphiri anena za banja la ku Thyolo asayansi anaziyesa mwadala. Mu 1990 Claude Bouchard ku Quebec anatenga mapasa ofanana 12 awiriawiri, anyamata, nkuwadyetsa ma calorie 1,000 owonjezera pa tsiku, masiku 6 pa sabata kwa masiku 100, onse akukhala malo amodzi moyang'aniridwa. Chakudya chowonjezera chinali chofanana kwa aliyense koma wina ananenepa makilo 4 okha wina 13, ndipo aliyense ananenepa mofanana ndi mnzake wobadwa naye. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, mu 1986, Albert Stunkard anaona anthu 540 a ku Denmark omwe analeredwa ndi makolo osawabereka, matupi awo atakula anafanana ndi a makolo owabereka omwe sanakhale nawo, osati a amene anawalera ndi kuwaphikira.

Tsono majini a kunenepa ali mitundu iwiri ndipo anthu amawasokoneza. Pali osowa koma amphamvu, jini imodzi yokha ikawonongeka mwana amakhala ndi njala yosatha kuyambira ali wakhanda. Chitsanzo ndi ana awiri apachibale ochokera ku banja la ku Pakistan omwe Stephen O'Rahilly ndi Sadaf Farooqi anawapeza ku Cambridge mu 1997, matupi awo sankapanga leptin nkomwe. Yofala kwambiri pagululi ndi MC4R, yomwe ili ngati switch ya kukhuta mu ubongo, imapezeka yowonongeka mwa ana pafupifupi 5 pa 100 alionse omwe ananenepa koopsa ali aang'ono. Jini imeneyi tili nayo makope awiri, ina yochokera kwa mayi ina kwa bambo, nde amene ali ndi kope imodzi yowonongeka, ina yabwino, bypass imawathandizabe ndithu. Amene makope onse awiri ndi owonongeka opaleshoni siwagwira bwino chifukwa uthenga wochokera kumatumbo ulibe poti ufikire. Kwa ena a gulu losowali, a majini otchedwa POMC, PCSK1 ndi LEPR, kuli mankhwala awoawo otchedwa setmelanotide omwe America inavomereza mu 2020.

Koma ambirife sitili mmenemo. Ife tili ndi timajini tambirimbiri, kalikonse kowonjezera pang'ono. Yotchuka ndi FTO yomwe inapezeka mu 2007 ku UK, amene ali ndi makope awiri a mtundu wonenepetsawo amalemera pafupifupi makilo 3 okha kuposa amene alibe. Pofika 2018 anali atapeza tizidutswa ta DNA toposa 900 totere. Mu 2019 gulu lina ku Boston linaphatikiza tizidutswa toposa 2 miliyoni kukhala score imodzi yolosera kunenepa, ndipo anthu 10 pa 100 a pamwamba ankalemera makilo 13 kuposa 10 pa 100 a pansi. Inu ndi achemwali mumagawana pafupifupi theka la zonsezi, nchifukwa chake ubale umalosera bwino kuposa kuyeza jini imodzi. FTO payokha anaiyesa kangapo pa anthu a opaleshoni, zotsatira zake zimatsutsana, ena amapeza kusiyana pang'ono ena osapeza kanthu.

Nde chonde musataye ndalama pa ma test a malovu ogulitsidwa pa intaneti omwe amati akuuzani zakudya zogwirizana ndi DNA yanu. Palibe test yomwe zipatala zimagwiritsa ntchito kulosera kuti bypass ikugwirani bwanji. Komanso kwa ife akuda vuto ndi lalikulu kuposa apo, anthu ochuluka kwambiri omwe DNA yawo inagwiritsidwa ntchito pa kafukufukuyu ndi azungu a ku Ulaya, pomwe Africa ndi kumene kuli kusiyanasiyana kwa majini kochuluka kuposa kwina kulikonse padziko, nde score yopangidwira mzungu wa ku Exeter ikafika pa munthu wa ku Ntcheu mphamvu yake imachepa kwambiri. Ntchito za kafukufuku wa majini ngati H3Africa ndi AWI-Gen ya ku yunivesite ya Wits ku Joni, yomwe inatenga anthu ku South Africa, Kenya, Ghana ndi Burkina Faso, ndi imene yayamba kutseka mpata umenewu.

Ndipo Bambo a Tada akunena zoona mbali yawo. Kafukufuku wa MEIRU, bungwe lofufuza za umoyo ku Malawi, ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe, wa 2018, anapeza kuti azimayi a m'tauni 44 pa 100 anali onenepa kupyola muyezo pomwe akumudzi anali 27. Anthu amodzi omwewo, majini sasintha munthu akakwera basi kupita ku Lilongwe, chimasintha ndi mafuta ophikira, shuga, minibasi m'malo moyenda. Agogo anu anali a thupi akulima tsiku lonse, inu majini omwewo mwawapititsa ku dziko lozizira la ma night ndi chakudya chotchipa cha m'mapaketi.

Za mwana wanu, funso lomwe madokotala amafunsa ndi lakuti kunenepako kunayamba liti. Ngati kunayamba koopsa asanafike zaka 5 ali ndi njala yosakhutitsidwa, NHS imatha kuyeza majini osowa aja. Ngati kwayamba pano pa kutha msinkhu ndiye ndi gulu la tonsefe.

Nachisale_Leicester

Abale anga ndawerenga zonse kawiri, ndili pa break ku ntchito ndipo misozi ikungotsika. Zikomo.

Anaphiri, shuga sanabwerere mayi, HbA1c, kuyeza kwa shuga m'magazi kuja, ya mwezi wa March inali bwino, mankhwala a BP ndimamwa mtundu umodzi pomwe kale inali itatu. Zoti ndatula makilo 30 sindinaziganizepo choncho, ine maso anali pa 16 obwerawo basi.

Anesi mwandigwira penipeni. Ma night ndimagwira anayi pa sabata kuyambira 2021 chifukwa ndi amene amalipira bwino ndipo ndikulipirira fizi ana awiri a malemu achimwene kumudzi, masana ndimagona maola anayi mwina asanu. Ndipo amitriptyline anandiyambitsa 2021 yomweyo chifukwa cha msana, palibe anandiuza kuti amanenepetsa. Ndayang'ana mu app yomwe ndimalembamo sikelo, kukwera kwenikweni kunayamba chaka chimenecho. Ku clinic ndinapita komaliza 2020, kenako Covid, kenako manyazi, ndimaona ngati akandiuza kuti tinakupatsa mwayi waulere wautaya.

Bambo a Tada tini ya mabisiketi ilipodi, ili patsogolo panga pano, ya ma custard cream omwe abale a ma resident amatibweretsera. Ndimati ndimatenga awiri koma kunena zoona sindinawerengepo. Ndiyamba kulemba usiku uno.

Mwana wanga anali wochepa thupi mpaka zaka 12 nde ndamva kuti si gulu losowalo. Koma ndimuuze bwanji? Sindikufuna adzimve ngati ine mmene ndinkamvera azakhali akundiitana kuti wosusuka pa nsima pamaso pa alendo ndili ndi zaka 13, mpaka lero mawu amenewo ndimawamva. Komanso achemwali akuti dokotala wawo ku Joni wawatchulira za jakisoni wochepetsa thupi wa pa sabata uja, kodi munthu woti anachitidwa kale bypass amaloledwa?

NesiWaUsiku

Amaloledwa asisi, ndipo ma clinic ambiri ayamba kuwapatsa anthu omwe thupi labwerera pambuyo pa opaleshoni. Semaglutide, yomwe ndi Wegovy kapena Ozempic, imatsanzira GLP-1 yemwe uja ndinanena, tirzepatide ya Mounjaro imatsanzira mahomoni awiri. Koma ipite kudzera kwa a bariatric osati kugula kwa munthu wa pa Facebook, chifukwa inu mumadya kale pang'ono nde jakisoniyo akhoza kukutsitsirani protein ndi mavitamini koopsa ngati palibe wokuyang'anirani, komanso ambiri akasiya kubaya thupi limabwerera nde muyenera kukambirana za nthawi yaitali.

Mukapita kwa GP pemphani zinthu izi. Akubwezereni ku bariatric team, nenani kuti munachitidwa bypass 2018 ndipo simunaonedwe kuchokera 2020, sakakukalipirani, anthu obwerera ngati inu timawaona sabata iliyonse. Akuyezeni magazi a chaka ndi chaka, ayironi, B12, folate, vitamin D, calcium, ndipo ndikufunseni, jakisoni wa B12 wa miyezi itatu iliyonse mukubayitsabe? Ayironi akatsika munthu amatopa. Amitriptyline musasiye nokha mwadzidzidzi, muwafunse ngati pali wina wa msana wosanenepetsa. A bariatric mwina adzafuna kuona ndi kamera ngati kachifu kaja kapena polumikizira pake panakula, zimachitika ndipo zimakonzeka. Ku clinic mukawauzenso za achemwali ndi za mayi, manambala onse monga mwatilembera apa.

Za mtsikanayo, ine kwanga ndinasintha khitchini yonse osatchula dzina la munthu, ma juice ndi ma crisps anasiya kugulidwa kwa aliyense kuphatikizapo bambo ake, ndipo Loweruka timayenda tonse ku park. Sikelo ndinaichotsa ku bafa nkuika m'chipinda changa. Tsiku lina adzakufunsani yekha za opaleshoni yanu, pamenepo ndiye mumuuze za agogo ake ndi za njala ya m'banja mwanu, kuti akaimva adziwe kuti si iye yekha ndipo abwere kwa inu. Ma night aja ngati manager angalole muyese atatu kaye kwa miyezi itatu muone sikelo ikuti chani.

Nachisale_Leicester

B12 ndinasiya 2022 titasamuka nkusintha GP, palibe anandiitana nanenso sindinafunse. Ndaimba mmawa uno ndikuchokera ku ntchito, andipatsa Lachinayi 10:20. Pepala la usiku wathawu latuluka ma custard cream 7 ndi tiyi wa shuga makapu anayi. Ndawatumizira achemwali zonse mwalembazi pa WhatsApp, akuti nawonso ayamba kulemba lero tidzayerekeze Lamlungu.